Chisanu chikamatha ku Scotland: chifukwa chake msodzi wa salimoni ndi trout amayamba wayeza madzi asanaponye mbedza

Kwa zaka zambiri, pa 15 Januwale anthu akhala akusonkhana m'mudzi wa Kenmore ku Scotland, pamene mtsinje wa Tay umatulukira m'nyanja ya Loch Tay. Oimba zitoliro amatsogolera asodzi kupita kumtsinje, wina amathira mowa wa wisiki pabwato, ndipo nyengo yowedza salimoni imakhala yatsegulidwa. Mitsinje ya Dee ndi Tweed imatsegulidwa pa 1 Febuluwale, Spey pa 11 Febuluwale, ndipo kuwedza trout kumayamba pa 15 Malichi.

Zithunzi zake zikafika pa Facebook kapena YouTube, munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amadabwa nazo. Bambo waima tsiku lonse m'madzi ozizira ofika m'chiuno, wagwira chinsomba cha makilogalamu 8, wachijambula, n'kuchibwezanso m'madzi. Mukamvetsera macheza awo, nkhani ya nsomba imakhala yochepa. Yaikulu ndi ya madzi: akwera masentimita angati usiku, ayamba kuyera kapena akadali akuda, ali pa madigiri angati.

Nkhaniyi yakula chifukwa mu Disembala 2023 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika salimoni wa ku Great Britain m'gulu la zamoyo zomwe zikhoza kutheratu. Chaka chomwecho asodzi a mbedza ku Scotland anagwira salimoni ongopitirira pang'ono 32,000, chiwerengero chimene pa nthawiyo chinali chotsikitsitsa chiyambire kusunga ziwerengerozi mu 1952. Kuti munthu amvetse zonsezi, ayenera kuyamba wamvetsa zimene zimachitika mumtsinje kuyambira Febuluwale mpaka Meyi, chisanu chikamatha ndipo mitengo ikamaphukira. Kwathu kuno nthawi imeneyi mvula imakhala ikupita kumapeto ndipo kuzizira kukubwera. Kumeneko n'zosemphana.

Nsomba ziwiri za banja limodzi

Salimoni wa m'nyanja ya Atlantic amabadwira mumtsinje. Mu Novembala ndi Disembala nsomba yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira wake m'timiyala ta pansi pa mtsinje, imaikira mazira, yaimuna n'kuthira umuna, kenako mazirawo amakwiriridwa. Amakhala momwemo chisanu chonse mpaka kuswa nyengo yophukira. Tiana timakula mumtsinje zaka 2 kapena 3, kenako timasanduka tonyezimira n'kutsika kupita kunyanja ya mchere mu Epulo ndi Meyi. Timakadya kutali, kufupi ndi zilumba za Faroe, kunyanja ya Norway, ena mpaka kumadzulo kwa Greenland. Akakula amabwerera kumtsinje womwewo umene anabadwira, ndipo pomaliza ulendowu fungo la madzi ndi limene limawalondolera.

Amene amadziwa mpasa sangaone zachilendo apa. Nayenso amachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaswana m'timiyala, ngakhale kuti sali pachibale ndi salimoni.

Salimoni amene amalowa mumtsinje kumayambiriro kwa chaka, yemwe asodzi amamutcha springer, ndi amene amamulakalaka kwambiri. Amakhala atatha zaka 2 kapena kuposerapo kunyanja, ndi wonenepa, wamphamvu, wa mamba owala. Chodabwitsa chake n'chakuti akalowa m'madzi a mumtsinje amasiya kudya. Nsomba yolowa mu Febuluwale idzaswana mu Novembala, ndiye kuti miyezi pafupifupi 9 imakhalira mafuta amene inasunga m'thupi. N'chifukwa chake siwononga mphamvu mwachisawawa. Imakwera pamene madzi alola, kenako imakhazikika pamalo pamene madzi sakukoka kwambiri.

Trout wofiirira, wa madonthomadontho, amakhala mumtsinje moyo wake wonse, kupatula ena a mtundu womwewo amene amapita kunyanja. Iyeyu amadya. Akatuluka m'chisanu amakhala wowonda chifukwa cha kuswana ndi kusowa kwa chakudya, ndipo amadikira tizilombo. Kusiyana kumeneku ndi kofunika kwambiri: wowedza trout akunyenga nsomba yanjala, pamene wowedza salimoni akuyesa kukopa nsomba imene sikufuna chakudya. Chimene chimachititsa salimoni kuluma nyambo amachifotokoza mosiyanasiyana. Ena amati ndi chizolowezi cha kudya chimene anali nacho kunyanja, ena amati ndi ukali woteteza malo ake, ena amati ndi chidwi chabe.

Kuwedza ndi ntchentche n'kutani

Nyambo ya pa usodziwu si nyongolotsi kapena usipa. Ndi mbedza yomangidwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo kapena kansomba. Eniake amaitcha fly, ndipo ife tiitcha ntchentche. Popeza ndi yopepuka kwambiri, singaponyeke payokha. Cholemera ndi chingwe, ndipo msodzi amaponya chingwecho, ntchentche n'kutsatira kumapeto kwake. Zingwe zilipo zoyandama, zomira pang'onopang'ono ndi zomira msanga, ndipo kusankha pakati pa zimenezi ndiko kusankha kuya kumene nyambo idutse.

Wa salimoni amagwira ndodo yaitali mamita 4 kapena kuposa pang'ono, ndi manja onse awiri. Kaponyedwe kotchuka kanayambira pamtsinje wa Spey, kumene mitengo ndi magombe aatali salola kuti chingwe chipite kumbuyo kwa msodzi. Amaponya chopingasa mtsinje cha kumunsi, madzi amakokera ntchentche mozungulira, iye n'kusuntha phazi limodzi kapena awiri, n'kuponyanso, mpaka dziwe lonse litatha.

Kuzizira kwa madzi ndiko kumalamula

Thupi la nsomba silisunga kutentha kwakekwake monga la munthu. Limatengera madzi amene nsombayo ilimo. Madzi akakhala pa madigiri 3 kapena 4, zonse m'thupi mwake zimayenda pang'onopang'ono, ndipo salimoni amakhala phee pafupi ndi pansi, m'maiwe akuya momwe madzi akuyenda modekha. Sangathamangire kanthu kodutsa pamwamba pake. Msodzi amayenera kumutsitsira nyambo pafupi ndi pakamwa, ndipo idutse mosafulumira. Apa m'pamene amagwiritsa ntchito chingwe chomira ndi ntchentche yaikulu, yotalika masentimita 5 mpaka 8, yomangidwa pa kachubu ka mkuwa kuti ilemere. Imodzi yodziwika kwambiri ndi Willie Gunn, ya ubweya wakuda, wachikasu ndi wa olenji.

Madzi akamafunda, khalidwe la nsomba limasintha. Imachoka m'maiwe akuya n'kukakhala m'madzi othamanga a kumutu kwa dziwe, ndipo imalolera kukwera kudzatenga kanthu kakang'ono pafupi ndi pamwamba. Amene anatchukitsa kuwedza kotengera zimenezi ndi Arthur Wood, yemwe ankawedza ku Cairnton pamtsinje wa Dee m'zaka za m'ma 1920. Ankapaka mafuta chingwe chake cha silika kuti chiyandame, n'kumangirirako ntchentche yaing'ono. Kuchokera nthawi imeneyo asodzi a ku Britain ali ndi malire amene amawatchula kawirikawiri: madigiri 48 pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi madigiri 9 pa muyeso wa Celsius umene timagwiritsa ntchito kuno. Madzi akazizira kuposa pamenepo, nyambo ikhale yaikulu ndi yakuya. Akafunda kuposa pamenepo, ikhale yaing'ono ndi yapamwamba.

Ine ndimaona kuti malirewa ndi othandiza poyambira, koma nsomba sisintha khalidwe pa digiri imodzi yeniyeni. Chimene chimalemera kwambiri ndi kumene kutentha kukulowera. Madzi amene achoka pa 4 kufika pa 6 masana amodzi amadzutsa nsomba kuposa madzi amene atsika kuchoka pa 10 kufika pa 8, ngakhale achiwiriwa ali ofundirapo. Palinso mfundo ina imene Wood ankailimbikira ndipo asodzi ambiri amaivomerezabe: mpweya uzikhala wofunda kuposa madzi. Kukazizira madzulo mpaka nkhungu kuyamba kufuka pamwamba pa mtsinje, nsomba kawirikawiri zimasiya kukwera kudzaluma.

Kuzizira kumatsekanso njira. Madzi akakhala pansi pa madigiri 5 kapena pafupi pamenepo, salimoni sakonda kulumpha mathithi kapena kukwera malo a madzi aukali. Amaunjikana kumunsi kwake kudikira. Ku Pitlochry, pamtsinje wa Tummel umene umathira mu Tay, kuli damu lopangira magetsi ndipo pambali pake anamanga makwerero a nsomba a timaiwe 34, otalika pafupifupi mamita 310. Nsomba zoyamba kufika zimakhala kumunsi kwa damulo mpaka madzi atafunda, kenako n'kuyamba kukwera. Zotsatira zake pa usodzi n'zoonekeratu: chisanu chikakula, magawo a kumunsi kwa mtsinje ndi amene amagwira nsomba zambiri. Chikakhala chochepa, nsomba zimangodutsa magawo amenewa usiku umodzi n'kukaima kumtunda. Popeza ku Scotland ufulu wowedza salimoni pa gawo lililonse la mtsinje uli ndi mwini wake, ndipo msodzi amalipiriratu sabata kapena tsiku lake miyezi isanafike, munthu angathe kulipira ndalama zambiri n'kupeza kuti nsomba zadutsa kale kapena sizinafike.

Dzuwa likawala mtsinje n'kuzizira

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Mitsinje ya Dee ndi Spey imalandira madzi ochuluka kuchokera kumapiri a Cairngorms, omwe mu Malichi ndi Epulo amakhala akadali ndi chipale chofewa, madzi oundana ogwa ngati ufa nthawi ya chisanu. Tsiku likacha lofunda, kapena kukawomba mphepo yofunda ya kum'mwera chakumadzulo, chipalecho chimasungunuka. Madzi ake, omwe angochoka kumene pa kuundana, amatsetsereka kulowa mumtsinje. Msodzi amavula jekete chifukwa cha dzuwa, koma akaviika kachipangizo koyezera kutentha amapeza kuti madzi atsika digiri imodzi kapena awiri, ndipo mtsinje ukukwera pang'onopang'ono ngakhale mvula sinagwe. Madzi otere amaoneka otuwa mobiriwira, ndipo nsomba zimakhala zaulesi.

Komabe chipale chomwechi ndi nkhokwe ya mtsinje. Chikachuluka m'mapiri, chimasungunuka pang'onopang'ono mpaka Meyi, mtsinje n'kukhala ndi madzi okwanira ndi ozizira bwino. Chikachepa, mtsinje umaphwa msanga ndipo umayamba kutentha nthawi isanakwane. N'chifukwa chake ghillie, munthu wolembedwa ntchito kuyang'anira gawo la mtsinje ndi kulangiza alendo, amayang'ana mapiri mu Febuluwale kuti alosere za Meyi.

Madzi okwera ndi madzi otsika

Salimoni amafuna madzi kuti ayende. Mtsinje ukaphwa, nsomba zimazengereza kumatsiriro kwake, kumene zinyama za m'nyanja zotchedwa seal zimazigwira mosavuta. Mvula ikagwa madzi n'kuyamba kukwera, pamakhala kanthawi kochepa pamene nsomba zimaluma, kenako zimasiya chifukwa zili pa ulendo, ndipo madzi amakhala adetsedwa ndi matope ndi zinyalala. Nthawi imene asodzi onse amaidikira ndi pamene madzi ayamba kutsika ndi kuyera. Nsomba zatsopano zimakhala zangofika m'maiwe, sizinaonepo nyambo, ndipo zikutha kuona bwino. M'madera a dothi lakuda la m'madambo madzi amatsala ndi mtundu wa tiyi wopanda mkaka, ndipo amenewa amaonedwa abwino. Matope enieni ndiwo amaletsa.

Mitsinje simvera mvula mofanana. Tay ndiwo mtsinje wonyamula madzi ambiri kuposa wina uliwonse ku Britain, ndipo nyanja zimene uli nazo kumtunda zimasunga madzi ndi kuwatulutsa mwapang'onopang'ono, choncho umakwera mochedwa ndi kutsika mochedwa. Timitsinje tating'ono ta kumadzulo timasefukira lero, mkuja taphwa. Masiku ano msodzi sachita kufunsa: bungwe la boma loona za chilengedwe la SEPA lili ndi zipangizo zoyezera madzi m'mitsinje yambiri, ndipo ziwerengero zake zimaoneka pa intaneti. Chofunika pa chithunzi cha ziwerengerozo si nambala ya lero yokha, koma ngati mzere ukukwera, ukutsika kapena waima.

Madzi akapyola muyeso amawononga. Kumapeto kwa Disembala 2015 namondwe wotchedwa Storm Frank anasefukitsa Dee, n'kumiza nyumba m'tauni ya Ballater ndi kusuntha miyala yambiri ya pansi pa mtsinje. Imeneyi ndi nthawi imene mazira a salimoni amakhala ali m'timiyalato.

Trout ndi ola la tizilombo

Wowedza trout mu Malichi ndi Epulo safunikira kulawirira. M'mawa madzi amakhala ozizira kwambiri ndipo mtsinje umaoneka ngati mulibe kanthu. Zinthu zimayamba cha m'ma 11 koloko mpaka 2 koloko masana, madzi akafundako.

Chimachitika n'chofanana ndi nkhungu za panyanja ya Malawi, tizilombo timene timakulira pansi pa madzi n'kutuluka nthawi imodzi ngati utsi, nsomba n'kumadyerera. M'mitsinje ya ku Scotland mphutsi za tizilombo zimakhala pansi pa miyala miyezi yambiri. Tsiku lake likakwana zimakwera pamwamba, khungu limang'ambika, kachilombo ka mapiko n'kumayandama kwa kanthawi kudikira kuti mapikowo aume. Pa kanthawi kameneko sikangathawe, ndipo trout amadziwa. Oyamba kutuluka ndi Large Dark Olive, kenako March Brown amene amatuluka mwadzidzidzi kwa mphindi zochepa n'kusiya, kenako Grannom mu Epulo. Kumapeto kwa Epulo kumabwera ntchentche yakuda ya pamtunda yotchedwa hawthorn, yomwe mphepo imaigwetsera m'madzi.

Tsiku la mitambo, lofunda pang'ono, ngakhale la mvula yowaza, limakhala labwino kuposa la dzuwa lowala, chifukwa mapiko a tizilombo amachedwa kuuma ndipo timakhalitsa pamadzi. Tizilombo tikatuluka, msodzi amaponya ntchentche yoyandama chakumtunda kwa nsomba kuti itsike ndi liwiro lenileni la madzi. Chingwe chikaikoka pang'ono chabe, trout wamkulu amaisiya. Tisanatuluke, amagwiritsa ntchito nyambo yolemera yofanana ndi mphutsi, yoyenda pafupi ndi pansi.

Trout amadya bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15. Akapitirira 20 amayamba kuvutika, chifukwa madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa: lita imodzi pa madigiri 5 imasunga pafupifupi mamiligalamu 13, koma pa madigiri 20 imasunga 9 okha, pomwe thupi la nsomba likufuna wochuluka kuposa kale. Chifukwa chomwechi ndi chimene trout wa mtundu wa rainbow, amene anabweretsedwa m'Malawi nthawi ya atsamunda, anangokhazikika pamwamba pa mapiri monga Zomba, Nyika ndi Mulanje, osati m'mitsinje ya m'zigwa.

Nsomba zimene siziyenera kusokonezedwa

Mumtsinje wa nyengo yophukira muli salimoni a misinkhu yonse nthawi imodzi. Ena akukwera, ena akutsika. Otsikawo ndi kelt, nsomba zimene zinaswana mu Novembala ndipo zikubwerera kunyanja. Zimayambanso kunyezimira, choncho wophunzira angaganize kuti wagwira springer. Kuzisiyanitsa n'kotheka: kelt ndi wowonda, mutu umaoneka waukulu kuposa thupi, zipsepse n'zong'ambika, ndipo m'ziwalo zake zopumira mumakhala timphutsi. Springer ndi wodzaza thupi, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi nsabwe za m'nyanja pakhungu. Nsabwezi zimafa n'kugwa pakapita masiku ochepa m'madzi opanda mchere, ndiye zikapezeka zimasonyeza kuti nsomba yangolowa kumene. Kupha kelt n'koletsedwa ndi lamulo.

Mu Epulo ndi Meyi tiana tonyezimira timatsika m'magulumagulu, ndipo timaluma ntchentche za trout mosaopa. Msodzi wosamala akaona kuti wagwera pa gulu lotere amasamuka, chifukwa kansomba ka masentimita 13 kamene kavulala lero ndiko kakanadzabwera ndi makilogalamu 6 patapita zaka 2. Pansi pa mapazi ake palinso mazira ndi tiana tongoswa kumene, choncho kuyenda m'timiyala ta malo oswanirana n'kosayenera.

Chifukwa chake nsomba imabwezedwa

Kuyambira 2015 lamulo la ku Scotland limati salimoni aliyense wogwidwa lisanafike tsiku la 1 Epulo abwezedwe m'madzi wamoyo. Kuyambira 2016 mitsinje imaikidwa m'magulu atatu chaka chilichonse malinga ndi kuchuluka kwa nsomba zoswana, ndipo m'mitsinje ya gulu lachitatu palibe wololedwa kupha salimoni nyengo yonse. Kugulitsa salimoni wogwidwa ndi mbedza kunaletsedwa mu 2002, ndipo Lamulungu sawedza salimoni. Pa Dee asodzi anayamba kubweza nsomba mwa kufuna kwawo m'zaka za m'ma 1990. Lero nsomba zoposa 90 pa 100 zilizonse zogwidwa ndi mbedza ku Scotland zimabwezedwa. Madzi ozizira a nyengo yophukira amathandiza apa: nsomba yogwidwa ndi manja onyowa, yosatulutsidwa m'madzi nthawi yaitali, imachira msanga kusiyana ndi yogwidwa m'madzi ofunda.

Pa chimene chachepetsa salimoni anthu sagwirizana. Asayansi ambiri amaloza kunyanja, kumene tiana tochepa kwambiri tikupulumuka poyerekeza ndi zaka 50 zapitazo, ndipo amati kusintha kwa nyengo kwasokoneza chakudya chake. Ena amadzudzula mafamu oweta salimoni m'makhola a m'nyanja kugombe la kumadzulo, ponena kuti amachulukitsa nsabwe zimene zimapha tiana todutsa pafupi. Eni mafamu amayankha kuti nsomba zachepanso m'mitsinje ya kum'mawa monga Tay, Dee, Spey ndi Tweed, kumene kugombe kwake kulibe makholawo. A ghillie ambiri amatchula ma seal ndi mbalame zodya nsomba, pamene oteteza zinyamazi amati nazo n'za mumtsinje momwemo. Palinso amene amafunsa ngati n'koyenera kuwedza nsomba imene ili pangozi ngakhale ikubwezedwa, ndipo asodzi amayankha kuti ndalama zawo ndi zimene zimalipira alonda a mitsinje ndi ntchito yokonza malo oswanirana.

Chimene chikuyezedwa mosakayikitsa ndi kutentha kwa madzi. Mu 2018 mtsinje wa Gairn, womwe umathira mu Dee, unafika madigiri 27.5, pamlingo umene tiana ta salimoni timasiya kudya ndi kuyamba kufunafuna pothawira. Mapiri ambiri a kumeneko alibe mitengo, choncho timitsinje ta kumtunda, komwe springer amakaswanirana, timawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse. Bungwe la River Dee Trust linayamba ntchito yobzala mitengo 1 miliyoni m'mphepete mwa timitsinjeti pofika 2035 kuti pakhale mthunzi. Mu 2025 bungwe loona za nyengo la Met Office linalengeza kuti miyezi ya Malichi mpaka Meyi inali yotentha ndi ya dzuwa kuposa ina iliyonse imene inalembedwapo ku UK, ndipo SEPA inachenjeza za kuchepa kwa madzi m'mitsinje ya kum'mawa kwa Scotland mwezi wa Meyi usanathe. Oyang'anira mitsinje ambiri tsopano amalangiza asodzi kuti azinyamula choyezera kutentha, ndipo madzi akayandikira madigiri 20 asiye kuwedza mpaka atazizira.